Pulogalamu yatulutsa makombinesheni oposa 400: ndifufute ati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa injiniya yemwe wangoyamba kumene ntchito mu ofesi ina yokonza mapulani a zomangamanga. Wapatsidwa nyumba yosanjikiza ya maofesi, ya zipilala, mabimu ndi masilabu a konkire, koma denga lake ndi la matirasi achitsulo ofoleredwa ndi malata. Atamaliza kuika katundu yense pa kompyuta anasankha muyezo wa Eurocode (malamulo a ku Ulaya okonzera mapulani a nyumba), nadina batani loti pulogalamu ipange yokha makombinesheni a katundu (njira zophatikizira kulemera, mphepo ndi mphamvu zina zomwe nyumba imalandira), ndipo panatuluka mizere yoposa 400. Bwana wake, yemwe anakulira pa BS 8110, muyezo wakale wa ku Britain wa nyumba za konkire, ataona mndandandawo anangonena kuti iye amagwiritsa ntchito makombinesheni atatu okha ndipo palibe nyumba yake yomwe inagwa. Mnzathuyu akufunsa kuti: “Kodi ndifufute ati, ndipo ndingadziwe bwanji kuti omwe ndafufutawo sanali ofunika? Nanga ndingathe kungotenga envelope ya onsewo, kutanthauza manambala aakulu ndi aang'ono koposa, n'kukonzera zipilala?”

Achimwene, musathamangire kufufuta. Pulogalamu siidziwa nyumba yanu. Siidziwa kuti mphepo singawombe kuchokera kum'mawa ndi kumadzulo pa nthawi imodzi, siidziwa kuti denga la malata ndi lopepuka, ndipo siidziwa kuti siling'i yomwe mwaiwerengera mwina idzaikidwa mwini nyumba akadzapeza ndalama. Chimene imadziwa ndi dzina ndi mtundu womwe inu mwapatsa katundu aliyense, ndipo ntchito yake ndi kusanja zimenezo motsatira lamulo la muyezo womwe mwasankha. Mndandanda ukatalika modabwitsa, kapena ukafupika mokayikitsa, chifukwa chake chimapezeka pa zomwe munaiuza musanadine batani lija, choncho kumeneko ndi komwe muyenera kukakonza.

M'mapulogalamu a ETABS ndi SAP2000 muli zinthu zitatu zomwe anthu amazisokoneza. Load pattern ndi katundu weniweni monga mwamuikira pa nyumba. Load case ndi njira yomwe pulogalamu isanthulire katunduyo, kaya linear (yowerengera wamba), nonlinear (yoganizira kusintha kwa nyumba ikalandira katundu) kapena response spectrum (ya chivomezi). Load combination, yomwe tikuitcha kombinesheni, ndi kuwonkhetsa zotsatira za ma load case zitachulukitsidwa ndi mafakitala. STAAD.Pro, Robot, RFEM ndi Prokon ali ndi maina awoawo, koma ganizo ndi lomwelo. Musaiwale kuti kombinesheni wamba siisanthula nyumba kachiwiri, imangotenga manambala omwe apezeka kale n'kuwachulukitsa ndi kuwaphatikiza, ndipo pali malo pomwe njira imeneyi imanamiza munthu.

Bwana wanu sakulakwa kwenikweni. Makombinesheni ake atatu ali mu Table 2.1 ya BS 8110: katundu wokhazikika (kulemera kwa nyumba yeniyeniyo) wochulukitsidwa ndi 1.4 pamodzi ndi katundu wosinthasintha (monga anthu ndi mipando) wochulukitsidwa ndi 1.6; katundu wokhazikika ndi mphepo, zonse pa 1.4, kenako zonse zitatu pa 1.2. Koma mukatsegula tebulolo mupeza kuti katundu wokhazikika ali ndi nambala yachiwiri, 1.0, ya pomwe kulemera kwakeko kukuthandiza nyumba, ndipo katundu wosinthasintha ali ndi 0 pa chifukwa chomwecho. Mukalemba mbali zonse za mphepo ndi njira zonse ziwirizi pa mzere uliwonse, atatu aja amasanduka makumi angapo. Mkuluyo amasefa m'mutu mwake: akayang'ana bimu amadziwa kale kombinesheni yomwe ikuilamulira, ndipo enawo sawalemba n'komwe. Luso limenelo ndi lenileni, koma silimapatsirana pongotchula nambala ya 3. Mawu akuti nyumba sizinagwe asakukhazikeni mtima pansi, chifukwa katundu yemwe timakonzera nyumba amayembekezeka mwa apo ndi apo kwambiri, moti nyumba yoperewera mphamvu ikhoza kuima zaka zambiri isanayesedwe. Ku Britain miyezo yakale monga BS 8110 ndi BS 5950 inachotsedwa mu Malichi 2010 kuti Eurocode ilowe m'malo, ngakhale maofesi ambiri kuno kwathu akuigwiritsabe ntchito.

Lamulo lomwe pulogalamu yanu ikutsatira lili mu EN 1990, gawo la Eurocode lomwe linatuluka mu 2002, pa chiganizo cha masamu chodziwika kuti 6.10. Katundu wokhazikika, G, amachulukitsidwa ndi 1.35 ngati akuipitsa zinthu, kapena 1.0 ngati akuthandiza. Mwa katundu wosinthasintha, mmodzi amasankhidwa kukhala wotsogolera ndipo amatenga 1.5 yathunthu, pomwe ena onse amatenga 1.5 yochepetsedwa ndi fakitala ya ψ0, chifukwa n'zokayikitsa kuti maofesi angadzaze kotheratu pa ola lomwelo lomwe mphepo yamphamvu koposa ikuwomba. Pa manambala omwe Eurocode imalangiza, ψ0 ndi 0.7 pa nyumba zogona ndi maofesi, 1.0 pa malo osungira katundu, 0.6 pa mphepo, ndi 0 pa denga lomwe anthu amakwerapo pokonza pokha. National Annex ya ku Britain, chikalata chomwe dziko limasankhiramo manambala ake, inasintha ena, mwachitsanzo mphepo inaikidwa pa 0.5 ndipo denga pa 0.7. Popeza sitidziwiratu kuti wotsogolera woopsa ndi uti, katundu aliyense wosinthasintha amapatsidwa mpata wotsogolera, ndipo aliyense wotsatira amayesedwa alipo komanso palibe.

Tiyeni tiwerenge limodzi ndi katundu yemwe mwatchula m'kalata. Muli ndi G, katundu wa m'maofesi, katundu wa padenga, ndi mphepo yochokera mbali 4. Mbali iliyonse imayesedwa kawiri chifukwa cha mphamvu ya mpweya wa mkati mwa nyumba, yomwe EN 1991-1-4 imati titenge +0.2 ndi −0.3 ngati zitseko ndi mawindo sizikudziwika bwino, motero mphepo ili ndi ma load case 8. Katundu wa m'maofesi akatsogolera angakhale yekha kapena ndi imodzi mwa mphepo 8 zija, zomwe ndi njira 9. Katundu wa padenga akatsogolera mphepo imatuluka, chifukwa EN 1991-1-1 imalola kuti awiriwa asaphatikizidwe, ndipo wa m'maofesi angakhalepo kapena ayi, zomwe ndi njira 2. Mphepo ikatsogolera, iliyonse mwa 8 ikhala ndi katundu wa m'maofesi kapena yopanda, zomwe ndi 16. Onjezani G payekha, mupeza 28. Chulukitsani ndi 2 chifukwa cha 1.35 ndi 1.0, ndipo mukhala ndi makombinesheni 56 a mphamvu ya nyumba.

Nanga 400 achokera kuti? Sindinaone fayilo yanu, koma ndikukayikira kwambiri katundu wokhazikika. Mwanena kuti munamugawa panayi: kulemera kwa nyumba yeniyeniyo, simenti ndi matailosi a pansi, makoma a njerwa, ndi siling'i. Ngati pulogalamu ikuganiza kuti magawo anayiwa ndi odziimira paokha, gawo lililonse liyesedwa pa 1.35 komanso pa 1.0, ndipo njira ziwiri zija zisanduka 16. Mukachulukitsa 28 ndi 16 mupeza 448, nambala yomwe siili kutali ndi yanu. Koma EN 1990 imanena momveka kuti katundu wokhazikika wochokera ku gwero limodzi amatenga fakitala imodzi, ndipo kulemera kwa nyumba kungatengedwe ngati gwero limodzi ngakhale zipangizo zake zili zosiyana. Choncho kombinesheni yomwe ikupatsa silabu 1.35 koma matailosi ake 1.0 siifunikira.

Chokayikitsa chachiwiri ndi mphepo. Robot imakufunsani ubale wa ma load case kudzera m'mawu atatu, “and”, “or (excl.)” ndi “or (incl.)”, ndipo mapulogalamu ena ali ndi malo ofanana ndi amenewa. Mphepo zonse 8 ziyenera kukhala m'gulu lomwe imodzi ikalowa zina zimatuluka. Mukazisiya kuti zilowe momwe zingafunire, magulu otheka a mphepo amakhala 255 m'malo mwa 8, ndipo ena mwa iwo amaika mphepo ziwiri zotsutsana zomwe zimafafanizana pa makoma koma zimawonkhetsana padenga. Palinso chizolowezi cha mapulogalamu ena, ETABS ili m'gulu lomweli, chotenga load case ya mphepo n'kuibwereza ndi chizindikiro cha − kuti iimire mphepo ya mbali inayo. Pa nyumba yaitali yofanana mbali zonse zimenezi n'zomveka. Pa denga lanu n'zolakwika, chifukwa mphepo yomwe imakokera malata m'mwamba ikatembenuzidwa chizindikiro imasanduka yokankhira pansi, pomwe mphepo yeniyeni yochokera mbali inayo imakokerabe m'mwamba. Mbali iliyonse muiikire load case yakeyake, ndipo mizere ya chizindikiro chotembenuzidwa muichotse.

Zifukwa zina zochulukitsira mizere ndi zoyenera. Mukasankha 6.10a ndi 6.10b, ziganizo ziwiri zomwe EN 1990 imalola m'malo mwa 6.10, mndandanda umakula, koma katundu amatsika pang'ono. Pa silabu ya G ya 6 kN/m² ndi katundu wa m'maofesi wa 2.5 kN/m², 6.10 imapereka 11.85, pomwe 6.10a imapereka 10.73 ndipo 6.10b, ndi fakitala yochepetsa G, ξ, ya 0.925 ya ku Britain, imapereka 11.24, wamkulu mwa awiriwa ndiye amagwira ntchito. BS 8110 ikanapereka 12.4. Pa ntchito yanu yoyamba ine ndingasankhe 6.10 yokha, chifukwa kusiyana kwa pafupifupi 5 peresenti sikulipira chisokonezo chomwe chimabwera pofuna kutsimikiza mizere yambiri chonchi ndi dzanja. Makombinesheni oyezera kuwerama kwa mabimu ndi ming'alu nawonso ali m'mitundu itatu, characteristic, frequent ndi quasi-permanent, ndipo wachitatuyu, yemwe amatenga 0.3 yokha ya katundu wa m'maofesi, ndi wofunika pa konkire chifukwa konkire imapitiriza kuwerama pang'onopang'ono kwa zaka. Muwaike m'gulu lawolawo kuti pulogalamu isawagwiritse ntchito posankha zitsulo. Ngati muli load case ya chipale chofewa yomwe inabwera ndi template yakunja, imeneyo ichoke lero lomwe.

Tsopano tifike pa denga, chifukwa pamenepo ndi pomwe ndikuopa kufufuta kwanu. Munthu akamayang'ana mndandanda wautali, maso ake amakopeka ndi mizere ya manambala akuluakulu, ndipo mzere wa 1.0G ndi 1.5 ya mphepo umaoneka wofooka, woyenera kutayidwa. Pa denga la malata mzere umenewu ndi umene umalamulira. Tiyerekeze kuti malata, ma purlin (mitanda yokhomerapo malata) ndi matirasi zikulemera 0.20 kN/m², katundu wa anthu okonza denga ndi 0.4 kN/m² monga Eurocode imalangizira, ndipo mphepo ikukokera m'mwamba ndi 0.9 kN/m² mutaphatikiza ya kunja ndi ya mkati. Kombinesheni ya katundu wopita pansi ikupatsani 0.27 kuwonjezera 0.60, yomwe ndi 0.87 kN/m². Kombinesheni ya mphepo ikupatsani 0.20 kuchotsa 1.35, yomwe ndi 1.15 kN/m² yopita m'mwamba. Nambala yachiwiriyi ndi yaikulu kuposa yoyamba, koma choopsa kwambiri ndi chakuti mphamvu zonse za mu tirasi zatembenuka. Mtanda wam'munsi, womwe masiku onse umakokedwa ndipo nthawi zambiri ulibe chougwira m'mbali, tsopano ukupanikizidwa pa utali wake wonse ndipo ungapindikire pambali. Ma purlin, omwe malata amawagwira kumwamba, tsopano akupanikizidwa kumunsi komwe kulibe chowagwira. Mabawuti omangira tirasi ku bimu, omwe pa kombinesheni yoyamba analibe ntchito yeniyeni, tsopano ndi omwe agwira denga lonse. Nyengo ya mvula iliyonse timamva za mphepo yomwe yasasula madenga a sukulu ndi matchalitchi, ndipo kawirikawiri denga limachoka lathunthu chifukwa chomwe chalephera ndi pomangira.

Apa ndi pomwe siling'i yanu ikufunika kuisamala. Ndanena kuti katundu wokhazikika atenge fakitala imodzi, koma zimenezo sizikutanthauza kuti chilichonse chomwe mwachitcha chokhazikika chidzakhalapodi tsiku la mphepo. Ngati siling'i, nyale ndi mapaipi zikulemera 0.25 kN/m² ndipo mwaziphatikiza mu G, kombinesheni ya mphepo ikupatsani 0.45 kuchotsa 1.35, yomwe ndi 0.90 yokha, kutanthauza kuti mwachepetsa mphamvu yokoka mabawuti ndi gawo loposa limodzi mwa magawo asanu. Siling'i ikhoza kuchedwa kuikidwa, mapanelo a sola akhoza kuchotsedwa, ndipo thanki ya madzi ikhoza kukhala yopanda madzi. Ine ndimagawa katundu wokhazikika pawiri: yemwe sangachoke nyumba ili chiimire, ndi yemwe angachoke. Pa makombinesheni a katundu wopita pansi onse awiri amalowa pa 1.35, koma pa kombinesheni yokweza denga woyamba yekha ndi amene amalowa. Mizere imeneyi muyenera kuilemba nokha, chifukwa batani lija silingaiganizire. Ngati mukuyeza kugubuduka kwa chinthu chonse, monga khoma lotchinga dothi kapena khonde lotulukira kunja lopanda chipilala, EN 1990 ili ndi gulu lina la mafakitala lotchedwa EQU, lomwe limapatsa kulemera kothandiza 0.9 ndi kulemera kogubuduza 1.1.

Chinthu china chomwe mndandanda wanu wa mizere 400 mwina ulibe ndi kasanjidwe ka katundu wosinthasintha pa zigawo za bimu. Ngati munaika katundu wa m'maofesi pa masilabu onse mu load case imodzi, pulogalamu imamuika ponseponse kapena kumuchotsa ponseponse. Onani bimu yopitirira ya zigawo zitatu zofanana. Katundu ali pa zigawo zonse, moment (mphamvu yopinda bimu) ya pakati pa chigawo chapakati ndi 0.025wL² (w ndi katundu pa mita iliyonse, L ndi utali wa chigawo), ya zigawo za kumapeto ndi 0.080wL², ndipo ya pamwamba pa chipilala ndi 0.100wL². Mukaika katundu pa chigawo chapakati chokha, moment yake imakwera kufika 0.075wL², kuwirikiza katatu. Mukamuika pa zigawo ziwiri za kumapeto, yawo imafika 0.101wL², ndipo mukamuika pa zigawo ziwiri zoyandikana, ya pamwamba pa chipilala imafika 0.117wL². Manambala amenewa akukhudza katundu wosinthasintha yekha, choncho pa silabu yolemera ya konkire kusiyanaku kumachepa, koma sikutha.

Sikofunika kuyesa njira zonse, zomwe pa zigawo 10 zingakhale 1,024. EN 1992-1-1 imalangiza kuika katundu pa zigawo zolumphalumpha komanso pa zigawo ziwiri zilizonse zoyandikana, ndipo National Annex ya ku Britain imalola njira yofupikirapo ya zigawo zonse pamodzi ndi zigawo zolumphalumpha. Bwana wanu adziwe kusiyana kumodzi: mu BS 8110 chigawo chopanda katundu chimatenga 1.0G, pomwe mu Eurocode G amakhala pa fakitala imodzi pa zigawo zonse. Mu SAP2000 ndi ETABS muli mtundu wa kombinesheni wotchedwa Range Add, womwe umawonkhetsa zotsatira zonse za chizindikiro cha + pazokha ndi za − pazokha. Mukapatsa chigawo chilichonse load case yake, mzere umodzi umagwira ntchito ya njira zonse zija.

Ndinanena kuti pali malo pomwe kuwonkhetsa zotsatira kumanamiza. Njira imeneyi ndi yoona pokhapokha ngati kuwirikiza katundu kumawirikizanso zotsatira, ndiponso ngati katundu wina sasintha momwe nyumba imalandirira mnzake. P-Delta imaswa lamulo limeneli. Mphepo imapendeketsa nyumba, kenako kulemera konse komwe kuli pa zipilala kumawonjezera kupendekeka. Ngati mphepo yasanthulidwa payokha, zipilala zilibe katundu, ndipo kulemera kwasanthulidwa pakokha, nyumba ili chilili, kuwonkhetsa ziwirizi sikungaonetse chowonjezeracho. Mu STAAD.Pro ichi ndi chifukwa chake pali REPEAT LOAD pambali pa LOAD COMBINATION: yoyambayo imaika katundu yense wochulukitsidwa pa nyumba nthawi imodzi n'kusanthula mwatsopano, pomwe yachiwiriyo imangowonkhetsa. Mu ETABS ndi SAP2000 mungasandutse kombinesheni kukhala nonlinear load case, ndipo RFEM imasiyanitsa load combination, yomwe imasanthulidwa yathunthu, ndi result combination, yomwe imaphatikiza zotsatira. Vuto lomweli limapezeka pa bracing (zopingasa zolimbitsa nyumba) ya zitsulo zoonda zomwe zimagwira ntchito pokokedwa pokha, pa zingwe, ndi pa maziko omwe dothi limawakankha koma silingawakoke. Load case ya mphepo payokha ingaonetse maziko akunyamuka, pomwe kulemera kwa nyumba kukanawagwira pansi zikanasanthulidwa limodzi. Pa nyumba zachitsulo EN 1993-1-1 imalola kusanthula wamba ngati αcr, nambala yosonyeza kuti katundu angawirikizidwe kangati nyumba isanapindike, yafika 10. Nyumba yanu ndi yaifupi ndipo mwina P-Delta siikhudza kwambiri, koma ngati denga lili ndi bracing yokokedwa yokha, nkhani imeneyi ikukukhudzani ndithu.

Pamodzi ndi zimenezi pali mphamvu zazing'ono za m'mbali zoimira kupendekeka komwe nyumba iliyonse imakhala nako pomangidwa. Eurocode imayambira pa 1/200, ndipo BS 5950 inkatenga 0.5 peresenti ya katundu wochulukitsidwa. Kukula kwake kumadalira katundu wa mu kombinesheni yomwe zalowamo, choncho G ndi katundu wosinthasintha aliyense akhale ndi zake. Mphepo ikakhalapo, zimaloza komwe mphepo ikuloza. Kuzilola kuloza mbali zinayi pa kombinesheni iliyonse kumangochulukitsa mizere ndi 4 popanda phindu.

Pa funso lanu la envelope, yankho ndi lakuti pa zipilala ayi. Envelope imasunga nambala yaikulu ndi yaing'ono ya mphamvu iliyonse payokha, koma imataya chidziwitso cha kombinesheni yomwe nambalayo yachokera. Pa bimu zimenezi sizivuta, chifukwa zitsulo za pansi zimatsatira moment yaikulu ya mtundu umodzi ndipo za pamwamba zimatsatira ya mtundu winawo. Chipilala chimalamulidwa ndi mphamvu yopanikiza ndi moment zili limodzi. Tiyerekeze kuti kombinesheni imodzi ikupereka 900 kN ndi 40 kNm, ndipo ina ikupereka 350 kN ndi 95 kNm. Mukatenga zazikulu zokhazokha mukonzera 900 kN ndi 95 kNm, zomwe sizidzachitika, ndipo mwina mungaganize kuti mwangosamala mopitirira. Koma chipilala cha konkire chomwe sichinapanikizidwe kwambiri chimapirira moment yaikulu chikapanikizidwa moonjezera, chifukwa kupanikizako kumatseka ming'alu ya mbali yokokedwa. Motero 350 kN ndi 95 kNm ingafune zitsulo zambiri kuposa 900 kN ndi 95 kNm, ndipo zipilala za nsanjika ya pamwamba, zomwe zanyamula denga lopepuka, ndi zomwe zimagwa mu msampha umenewu. Maziko ndi chimodzimodzi, popeza katundu wochepa wokhala ndi moment yaikulu ndi amene amanyamula mbali imodzi ya maziko. Envelope muigwiritse ntchito poona ndi maso malo omwe mphamvu zachuluka, koma zipilala, maziko ndi polumikizira zitsulo ziyesedwe pa kombinesheni iliyonse payokha. Kompyuta siitopa ndi mizere 56.

Simunatchule chivomezi m'kalata yanu. Ngati nyumbayi ili m'Malawi muno, kumbukirani kuti tili m'chigwa cha Rift Valley ndipo zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri. Kombinesheni ya chivomezi ili ndi kapangidwe kake: G pa 1.0, chivomezi pa 1.0, ndi katundu wosinthasintha pa ψ2, fakitala ya quasi-permanent ija, yomwe pa mphepo ndi 0, choncho mphepo ndi chivomezi sizikumana. EN 1998-1 imalola kutenga chivomezi chathunthu mbali imodzi ndi 30 peresenti mbali inayo, zomwe ndi zizindikiro zonse zimapereka mizere 8, ndipo kusuntha pakati pa kulemera kwa nsanjika ndi 5 peresenti ya m'lifupi mwake kumaichulukitsanso. Zotsatira za response spectrum zilibe chizindikiro, motero pulogalamu imaziyesa ndi + ndi − zomwe.

Chenjezo lina ndi la kusakaniza miyezo, lomwe limavuta kwambiri m'maofesi momwe mabuku a ku Britain, a ku South Africa ndi a ku America ali pa shelefu imodzi. Mafakitala a katundu anakonzedwa kuti ayendere limodzi ndi momwe katunduyo wawerengedwera. CP3 Chapter V inkagwiritsa ntchito liwiro la mphepo la masekondi 3, BS 6399-2 la ola lathunthu, ndipo EN 1991-1-4 imagwiritsa ntchito la mphindi 10. Ku America, ASCE 7-05 inkachulukitsa mphepo ndi 1.6, koma ASCE 7-10 inatsitsa fakitalayo kufika pa 1.0 itakweza liwiro la pa mapu ake. Munthu wotenga liwiro lakale ndi fakitala yatsopano amachepetsa mphepo kwambiri, ndipo pulogalamu siingamuchenjeze. SANS 10160 ya ku South Africa imatenga 1.2G ndi 1.6Q (Q ndi katundu wosinthasintha), mosiyana ndi 1.35 ndi 1.5 za Eurocode yomwe inatengerako kapangidwe kake. Katundu, makombinesheni ndi kayezedwe ka konkire ndi chitsulo zichokere ku banja limodzi la miyezo, ndipo National Annex yomwe mwasankha ilembedwe pa tsamba loyamba la mawerengero anu.

Ndikanakhala pa mpando wanu, ndikanazimitsa kaye kompyuta n'kulemba pa pepala katundu aliyense, mtundu wake, ψ zake, ndi omwe sangakumane naye, kenako n'kuwerenga makombinesheni omwe ndikuyembekezera monga tachitira pamwambapa. Mukakonza mitundu ndi maubale mu pulogalamu n'kudinanso batani, nambala yotuluka ifanane ndi ya pa pepala. Ikasiyana, fufuzani mzere woyamba womwe simunauyembekezere ndipo mudzaona chomwe pulogalamu yamva molakwika. Musanakhulupirire kombinesheni iliyonse, wonkhetsani ma reaction (mphamvu zofika pa maziko) a load case iliyonse n'kuwayerekeza ndi katundu yemwe mwawerengera ndi dzanja. Apa ndi pomwe mumagwira self weight multiplier yomwe yaikidwa pa 1 m'ma load pattern awiri, zomwe zimawerengera kulemera kwa nyumba kawiri, kapena mphepo yomwe yaloza mbali yolakwika. Maina a mizere akhale ofotokoza zomwe zilimo, chifukwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi palibe amene adzakumbukire kuti COMB37 inali chiyani.

Mukamaliza kuyeza ziwalo zonse, tulutsani mu Excel tebulo loonetsa kombinesheni yomwe yalamulira chiwalo chilichonse. Mudzapeza kuti ndi mizere yochepa yomwe ikubwerezabwereza, ndipo yambiri mwa iyo ndi abale a makombinesheni atatu a bwana wanu. Tebulo limenelo ndi lomwe mupite nalo kwa iwo, mwaulemu, mutalemba pambali pa mzere uliwonse mnzake wa mu BS 8110. Muwapemphe kuti aone nanu zinthu ziwiri makamaka: mphamvu yokoka mabawuti a matirasi pa kombinesheni yopanda siling'i, ndi zitsulo za zipilala za nsanjika ya pamwamba pa kombinesheni ya 1.0G ndi mphepo.